Ombwe wosapha anankafumbwe: tiziyeza zomera tisanazigawire alimi

Kwa zaka zambiri alangizi a zaulimi pamodzi ndi mabungwe omwe si aboma akhala akulimbikitsa alimi kubzala ombwe, chitsamba chomwe ena amachitcha mthuthu. Zifukwa zake n'zomveka: ombwe amabwezeretsa chonde m'nthaka monga zichitira mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo masamba ake akasinjidwa amapha nsabwe za kudimba, anankafumbwe m'nkhokwe ndi nkhupakupa pa ziweto. Kwa mlimi amene sangakwanitse mankhwala a kusitolo, umenewu ndi uthenga wokoma zedi. Koma m'chaka cha 2012 akatswiri a ku Royal Botanic Gardens, Kew, ndi a ku yunivesite ya Greenwich ku Britain, mogwirizana ndi anzawo a kuno kwathu kuphatikizapo a pamalo a kafukufuku a Lunyangwa ku Mzuzu, adatulutsa zotsatira zomwe zimayenera kutidzidzimutsa kuposa momwe zidachitira. Atayeza masamba otengedwa m'malo 13 m'dziko muno, adapeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yovuta kuisiyanitsa ndi maso. Wina ali ndi makemikolo a gulu la rotenoid, makamaka deguelin ndi tephrosin, omwe ndiwo amapha tizilombo. Winayo alibiretu makemikolo amenewa, ndipo atamuyesa pa anankafumbwe a khobwe sadaphe kanthu. Pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zilizonse chidali cha mtundu wopanda mphamvuwu, ndipo ina mwa mbewu yake inkalimidwa ndi dzina la chomera china chapachibale, Tephrosia candida. Kafukufuku wina wa mu 2019, wotsogoleredwa ndi Angela Mkindi wa ku Arusha, adayeza ombwe wa ku Tanzania, Kenya ndi Malawi n'kupezanso kuti chitsamba chimodzi mwa zisanu chidali chopanda mphamvu.

Ndiye kuti alipo alimi omwe adachita zonse zomwe adalangizidwa, kuthyola masamba, kuwaumitsa pamthunzi, kusinja, kusakaniza ndi khobwe wawo, koma pofika Disembala n'kupeza thumba litafumbwa. Mlimi wotere amaganiza kuti adaphonya yekha kapena kuti mlangizi adamunamiza, ndipo zonsezi zimamuchititsa kuti mawa asadzamverenso langizo lililonse lokhudza zomera, ngakhale labwino. Palibe adanama pankhaniyi. Chidachitika n'chakuti tidakhulupirira dzina la chomera, pomwe mphamvu ya chomera siikhala m'dzina. N'chifukwa chake ndikunena kuti dziko lomwe likuuza anthu ake kudalira zomera pa ulimi, pa chakudya ndi pa mankhwala liyenera kukhala ndi njira yakeyake yodziwira zomwe zili m'kati mwa zomerazo, ndipo mbewu ya chomera chophera tizilombo kapena chochiritsira isamagawidwe ndi boma kapena bungwe lililonse isanayezedwe.

Kuti zitsamba ziwiri za dzina limodzi zisiyane chonchi si tsoka la ombwe yekha, ndi momwe zomera zilili. Chomera sichingathawe mbozi, mbuzi kapena chilala, choncho chimadziteteza ndi makemikolo: owawa, oledzeretsa, onunkha, akupha, ena oitana tizilombo tonyamula mungu, ena oitana adani a mbozi yomwe ikuchidya. Asayansi amayerekeza kuti mitundu ya makemikolo opangidwa ndi zomera padziko lonse imaposa 200,000. Mu 1964 Paul Ehrlich ndi Peter Raven, pofufuza agulugufe ndi zomera zomwe mbozi zawo zimadya, adafotokoza kuti kuchuluka kumeneku kudabwera chifukwa cha mpikisano wosatha: chomera chikapeza chiphe chatsopano, pakapita mibadwo tizilombo tina timapeza njira yochipirira, chomeranso n'kusintha. Omwe akhala akuyeza mitengo ya mtundu wa Inga m'nkhalango za ku South America apeza kuti mitengo yapachibale kwambiri, yomera moyandikana, imatha kukhala ndi zida zodzitetezera zosiyana kotheratu. Pamwamba pa chibadwa palinso nthaka, mvula, msinkhu wa tsamba ndi nyengo yothyolera. Ombwe wamphamvu yemweyo adapezeka kuti mphamvu yake imakwera ndi kutsika malinga ndi miyezi ya pachaka.

Njira zoonera zonsezi zidayamba ndi katswiri wa zomera wa ku Russia, Mikhail Tsvet, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adathira madzi a masamba m'kachubu kodzaza ufa wonga choko n'kuona mitundu yobiriwira ndi yachikasu ikupatukana m'mizere. Mu 1906 njirayi adaitcha chromatography. Imagwira ntchito monga madzi osefukira omwe amasiya miyala pafupi, mchenga patsogolo pang'ono, matope n'kukafika nawo kutali: kemikolo iliyonse imayenda pa liwiro lake, choncho zosakanikirana zimatuluka chimodzichimodzi. Masiku ano kumapeto kwa kachubuko kumalumikizidwa makina otchedwa mass spectrometer, omwe amayeza kulemera kwa kemikolo iliyonse, kuiphwanya m'tizidutswa, n'kuyezanso tizidutswato. Kachidutswa ka tsamba kochepa kuposa chikhadabo kamakwanira, ndipo pasanathe ola makinawo amaonetsa zizindikiro masauzande. Fungo la chomera limayezedwa ndi mtundu wina wa makina omwewa woyendera mpweya, pomwe makina a NMR amathandiza kudziwa mamangidwe enieni a kemikolo yatsopano. Chasintha kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi kompyuta. Kale katswiri ankasaka kemikolo imodzi yomwe akuidziwa kale, lero amajambula zonse zopezeka m'tsamba n'kuzifananitsa ndi nkhokwe za pa intaneti monga GNPS ya ku yunivesite ya California ku San Diego, yomwe imaika pamodzi makemikolo ofanana tizidutswa ngakhale dzina lawo lisanadziwike.

Wina angaone ngati izi ndi zoseweretsa za anthu ophunzira, koma taonani nkhani ya kaufiti. Mlimi aliyense akudziwa kuti kaufiti amakonda munda woguga. Chifukwa chake chidadziwika poyeza timadzi totuluka m'mizu. Njere ya kaufiti imatha kugona m'nthaka zaka zambiri osamera mpaka itamva kemikolo yochokera ku muzu wa mbewu yomwe ingaiyamwe. Yoyamba mwa makemikolo amenewa, strigol, idapezeka mu 1966 m'mizu ya thonje. Mu 2005 akatswiri a ku Japan adaonetsa kuti mbewu imatulutsa makemikolowa poitana timabowa ta m'nthaka tomwe timaithandiza kupeza chakudya, ndipo zadziwika kuti nthaka ikasowa phosphorus mbewu imawatulutsa ochuluka. Chimanga chanjala chimaitana thandizo mokweza, woyamba kumva n'kukhala kaufiti. Apa mpomwe pagona phindu la manyowa polimbana ndi udzuwu. Gulu la Gebisa Ejeta, katswiri wobadwira ku Ethiopia yemwe adalandira World Food Prize mu 2009, lidaonetsanso kuti mapira ena opirira kaufiti amatero chifukwa amatulutsa mtundu wina wa kemikoloyi womwe sudzutsa njere zake kwenikweni. Wopanga mbewu akadziwa zimenezi amasankha molunjika m'malo modikira nyengo zingapo kuti aone munda womwe wapulumuka.

Chotsutsa chomwe ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti makolo athu adazidziwa zomera popanda makina, ndipo kuyeza kuli ngati kukayikira nzeru zawo. Umboni womwe ulipo ukuonetsa kuti makina akhala mboni ya makolo nthawi zambiri. Ku Nkhata Bay, komwe kondowole ndiye nsima, Linley Chiwona-Karltun ndi anzake adafunsa amayi chifukwa chomwe amakondera chinangwa chowawa monga Gomani pomwe chozizira monga Mbundumali chilipo. Amayiwo adayankha kuti chowawa sichibedwa wamba, anyani ndi nguluwe sizichivutitsa kwambiri, ndipo mwini munda ndiye amalamula tsiku lokumba chifukwa sichidyeka chisanaviikidwe. Kenaka akatswiriwo adayeza mizu yomwe alimi adailawa n'kuiika m'magulu, ndipo mu 2004 adafalitsa kuti kuwawa komwe lilime la mlimi limamva kumayenderana ndi kuchuluka kwa makemikolo otulutsa chiphe cha cyanide. Kuviika chinangwa m'madzi masiku angapo, kuchisinja ndi kuchiyanika kumachotsa chiphecho. Amayi a ku Nkhata Bay ankachita sayansi yolondola, labotale idangotsimikiza.

Koma nzeru imeneyi ili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi malo. Mayi amadziwa chinangwa cha m'mudzi mwake chifukwa amayi ake adachilima, adachilawa, adaona zomwe chimachita. Mbewu ikafika pagalimoto ya pulojekiti kuchokera kuboma lina kapena kudziko lina, imafika yopanda mbiri, ndipo ombwe sungamulawe kuti udziwe ngati ali ndi deguelin. Nyengo nayo ikasintha, chomera chodziwika chimasanduka chachilendo. Mu 1981, chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000 adapuwala miyendo ndi matenda omwe lero amatchedwa konzo. Chilala chidachulukitsa chiphe m'chinangwa, njala n'kuwakakamiza anthu kudya asanamalize kuchikonza. Ife amene tikuuza alimi a m'maboma a chimanga kuti abzale chinangwa pothawa chilala tiyenera kuikumbukira nkhaniyi, popeza tikupereka mbewu kwa anthu omwe sadakule ndi mwambo woviika. Chimodzimodzi mankhwala azitsamba. Sing'anga wakumudzi amadziwa phiri lomwe amakumba muzu wake ndi mwezi woukumba, koma botolo logulitsidwa m'basi kapena lolengezedwa pawailesi ladutsa m'manja ambiri, ndipo wogula alibe njira yodziwira ngati muli mphamvu yochepa, yopyola muyeso kapena mulibe kanthu. Mankhwala a malungo a LA omwe timalandira m'zipatala kuyambira mu 2007 adachokera ku chitsamba cha Artemisia annua, chomwe Tu Youyou wa ku China adachipeza m'mabuku akale a asing'anga a kwawo. Adachilemekeza pochiyeza mpaka adapatula artemisinin, ndipo mu 2015 adalandira mphoto ya Nobel. Chitsamba chomwecho chidali m'chakumwa cha Covid-Organics chomwe mtsogoleri wa Madagascar adakhazikitsa mu Epulo 2020 umboni usanapezeke, ndipo mliri sudagonje nacho.

Nanga ndalama? Apa otsutsa ali ndi mfundo yolimba ndipo sindiibisa. Makina apamwamba a mass spectrometer amatha kufika theka la miliyoni ya madola a ku America, ndipo kugula ndi chiyambi chabe. Amafuna magetsi osathimathima, chipinda chozizira, mpweya wapadera, madzi osungunulira oyera kwambiri ogulidwa ndi ndalama zakunja, komanso injiniya wowakonza yemwe nthawi zambiri amachokera ku Johannesburg kapena ku Ulaya. M'maiko ambiri a mu Africa muli makina a mphatso omwe adagwira ntchito chaka chimodzi n'kufundidwa nsalu pulojekiti itatha. Ngati tikufuna kuonjezera ena pamulu umenewo, bola kusiya. Koma yankho lake ndi kakonzedwe ka zinthu. Sikofunika kuti yunivesite ya Malawi ku Zomba, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, yunivesite ya Mzuzu, KUHeS ndi malo a kafukufuku a Chitedze aliyense akhale ndi makina akeake ongoonetsa alendo. Labotale imodzi ya dziko lonse, yokhala ndi magetsi a dzuwa, akatswiri olipidwa bwino ndi ndalama zokonzera makina zolembedwa mu bajeti chaka ndi chaka, ingatumikire onsewa pamodzi ndi Malawi Bureau of Standards, Pesticides Control Board ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA. Dziko lomwe m'chaka cha 2020/21 lidaika pafupifupi K160 biliyoni pa zipangizo zaulimi zotsika mtengo silinganene kuti kachigawo kakang'ono ka ndalama zotere n'kosatheka, makamaka pomwe ntchito yake ndi kuchepetsa kudalira mankhwala ndi feteleza wogula kunja.

Tisaiwalenso kuti makina odula amafunika pa funso loyamba lokha, loti kodi kemikolo yogwira ntchito ndi iti. Likayankhidwa, zotsatira zake zimatsika mtengo. Howard Bradbury wa ku Australian National University adakonza timapepala tachikasu tomwe timasintha mtundu tikakumana ndi cyanide, ndipo wazaumoyo wakumudzi angayeze nato ufa wa chinangwa n'kuona ngati wadutsa mlingo wovomerezeka wa mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Ogula mtedza wotumiza kunja amayeza chiphe cha chuku ndi timizere tosafuna labotale yaikulu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti timayeza mwakhama zomwe mzungu akadye koma zomwe tikupatsa mlimi wathu ayi. Kwa ombwe, tikangodziwa zitsamba zamphamvu, chotsala ndi kuzichulukitsa m'minda ya mbewu yosungidwa bwino n'kumagawa zokhazo. Akatswiri oyeza ombwe aja adaperekanso langizo losalira ndalama: makemikolo a rotenoid sasungunuka bwino m'madzi, choncho kuthirako sopo poviika masamba kumatulutsa mphamvu yochuluka.

Ena amaopa kuti tikayeza zomera zathu n'kulemba zomwe zilimo, tikutsegulira khomo makampani akunja kuti atibere. Mantha amenewa ali ndi maziko. Asan a kumwera kwa Africa ankatafuna hoodia pochepetsa njala ali kosaka, bungwe la kafukufuku la boma la South Africa, CSIR, lidatenga chiphaso cha umwini pa kemikolo yake m'zaka za m'ma 1990 eni nzeru osadziwa, ndipo mgwirizano wogawana phindu udabwera mu 2003 anthu atachita phokoso. Pa tiyi wa rooibos, Akhoi ndi Asan adadikira mpaka 2019 kuti pakhale mgwirizano woti azilandira 1.5 peresenti ya mtengo wa pamunda. Koma kusayeza kwathu sikuletsa wina kuyeza. Tsamba louma limalowa mu envelopu, ndipo makina a lero safuna lochuluka. Ombwe wathu adakayezedwa ku London, mwamwayi ndi anthu omwe adagwira ntchito ndi Amalawi n'kufalitsa zotsatira poyera, koma si onse adzatero. Malawi ali m'Pangano la Nagoya la mu 2010, lomwe limati wofuna kugwiritsa ntchito zamoyo za dziko lina apemphe chilolezo ndipo agawane phindu ndi eni ake. Pangano lotere limathandiza amene akudziwa chomwe ali nacho. Wokambirana za mtengo wa katundu yemwe sadamuone m'kati amalandira chilichonse chomwe wapatsidwa. Chofunika n'choti chomera chilichonse choyezedwa chikhale ndi chitsanzo chake chosungidwa ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, cholembedwa komwe chidatengedwa ndi mudzi womwe udapereka nzeru yake, ndipo asing'anga ndi mafumu avomereze ntchito isanayambe.

Sindikunena kuti makina ndi mlauli. Mwa zizindikiro masauzande zomwe amaonetsa pa tsamba limodzi, zambiri zimakhala zopanda dzina, ndipo vutoli limakula pa zomera za m'nkhalango zathu za miombo zomwe sizidafufuzidwe mokwanira. Kupeza kemikolo m'tsamba sikutsimikiza kuti imachiritsa munthu kapena kuteteza munda. Pamafunikabe kuyesa pa tizilombo, m'munda wa mlimi, ndipo pa mankhwala a anthu, kuchipatala motsata malamulo. Kuyeza kumabweretsanso uthenga womwe okonda zachilengedwe safuna kuumva. Makemikolo omwe amapha anankafumbwe mu ombwe ndi omwewo amapha nsomba anthu akathira masamba ake mumtsinje, ndipo mu 2000 akatswiri a ku America adaonetsa kuti makoswe opatsidwa rotenone, imodzi mwa makemikolo a gulu la rotenoid, kwa nthawi yaitali amagwidwa zizindikiro zonga za matenda a Parkinson. Izi sizikuletsa kugwiritsa ntchito ombwe, popeza kuwala kwa dzuwa kumawononga makemikolowa msanga, koma zikutanthauza kuti mlimi auzidwe mlingo, aphimbe mphuno posinja, atsuke mbewu asanaphike ndipo asatsukire ziwiya zake kumtsinje. Mawu oti chachilengedwe sichipweteka apusitsa anthu ambiri, ndipo amene angawatsutse ndi umboni ndi yekhayo amene wayeza.

Papita zaka zoposa khumi chitulukireni zotsatira za ombwe, ndipo mlimi wolandira mbewu yake lero akuyenera kuuzidwa ngati ndi ya mtundu wakupha tizilombo kapena yongothandiza chonde. Unduna wa zaulimi ungayambire pomwepa osadikira labotale yatsopano: ulamule kuti bungwe lililonse logawa mbewu ya ombwe kapena chomera china chophera tizilombo lisonyeze kalata ya zotsatira za kuyeza, monga timafunira pa mbewu ya chimanga ndi pa feteleza. Aphungu a m'komiti za zaulimi, zaumoyo ndi zamaphunziro, pokambirana bajeti ikubwerayi, afunse National Commission for Science and Technology ndi mayunivesite athu kuti labotale imodzi ya dziko lonse ingadye ndalama zingati pachaka ndipo ingakhale kuti, kenaka ndalamazo aziike m'bajetimo.